Chuma cha masiye: kope la kafukufuku wanga ku Mzuzu

4 Juni

Ndafika dzulo m'bandakucha pa basi ya usiku, miyendo itatupa, chikwama chili tho ndi mapepala ofotokopa. Mzuzu wandilandira monga achitira mwezi uno: nkhungu, kamvula kowaza, ndi anyamata a kabaza, amene kuno timati a sakaramento, atavala majekete awiriawiri padepoti. Anzanga akuti tili patchuthi, koma ine ayi. Ndili chaka chachinayi cha digiri ya zamalamulo, ndipo pofika pa 30 Ogasiti ndiyenera kupereka pepala la kafukufuku la mawu 10,000. Lero lili ndi mawu 640, ambiri mwa iwo ndi mutu, dzina langa ndi kuthokoza makolo. Ndizilemba pano mmene ntchito ikuyendera, kuti pomwe khama lalephera manyazi azindikankha.

Funso langa ndi ili: bwanji amayi amasiye kuno kumpoto akulandidwabe katundu pomwe lamulo loletsa mchitidwewu lilipo kuyambira 2011? Dzina lake lonse ndi Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, koma ine ndizingoti lamulo la chuma cha masiye. Linalowa m'malo mwa lamulo la 1967, lomwe linkagawa chuma cha munthu womwalira wopanda wilo poyang'ana mtundu wa ukwati. Kumene amalowola, ngati kuno, theka linkapita kwa mkazi, ana ndi ena odalira malemu, theka linalo kwa abale olowa m'malo mwa mwambo. Kwathu kwa chikamwini mkazi ndi ana ankapatsidwa magawo awiri mwa asanu, atatuwo n'kupita kuchibale. Lamulo la 2011 linafafaniza zonsezo. Gawo 4 likuti palibe wolandira chuma cha malemu potengera mwambo. Gawo 17 likuti chumacho ndi cha mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi omwe ankadalira malemu. Gawo 84 likuti wolanda alipitsidwe chindapusa ndi kukakhala kundende zaka 10.

Yankho ndili nalo kale m'mutu, ndipo ndinalilemba m'pempho la kafukufuku: amayiwa salidziwa lamuloli. Ndikangocheza nawo ndikatsimikiza zimenezi, kenako ndilembe kuti boma lichulutse mapologalamu a pawailesi, basi ndamaliza.

Ndikukhala kwathu ku Chibavi. Adadi ndi kalipentala, kwawo ku Ntchisi, anabwera kuno ine ndisanabadwe. Andichotsera tebulo lina m'shedi mwawo kuti ndizilemberapo, ndipo aliyense wobwera kudzagula mpando akumuuza kuti, "Lankhulani motsitsa, aloya akuwerenga."

10 Juni

Sabata yowerenga. Mmawa ndimapita ku laibulale ya National Library Service m'tauni chifukwa kumakhala bata, madzulo ndimatsitsa zigamulo za makhoti pa tsamba la pa intaneti la MalawiLII mpaka bandulo itatha. Kukuzizira moti ndikulemba nditafunda chitenje cha amayi pamwamba pa juzi.

Ntchito yomwe ndimati ndi ya tsiku limodzi yanditengera masiku anayi: kumasulira mafunso anga kuchoka m'Chingerezi. Gawo 17 lili ndi mawu awiri akuti immediate family, ndipo lamulolo limawatanthauzira kuti mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana ake. Ndinalemba kuti "banja". Ndinawerengera amayi funsolo ali kukhitchini, n'kuwafunsa kuti banja la adadi ndi ndani. Anayamba ndi azakhali a ku Ntchisi. Atatchula ana a azakhaliwo, ndi malume a adadi, m'pamene anafika pa ife. Ndinasintha n'kulemba "abale apafupi". Amayi anaseka nati, "Nanga ine ndi bambo akowa pali chibale? Ine ndine wobwera." Ndinayesa "mbumba", koma kwa Mchewa mbumba ya mwamuna ndi alongo ake ndi ana awo, ife ana ake enieni sitilimo n'komwe. Pamapeto ndangolemba kuti "mkazi ndi ana", ndipo m'mbali mwa tsambalo ndajambula chizindikiro cha funso chachikulu.

Chaka choyamba anatiphunzitsa kuti malamulo a ku England analowa m'dziko muno kudzera mu British Central Africa Order in Council ya 1902, ndipo tsiku la 11 Ogasiti chaka chimenecho tinaliloweza ngati tsiku lobadwa. Tinaloweza mlandu wa Donoghue v Stevenson wa 1932, wa mayi wa ku Scotland amene anapeza nkhono m'botolo la chakumwa. Mlanduwo ndimaukonda mpaka lero, ndipo mayeso ake ndinakhoza bwino. Koma zaka zinayi zonsezi palibe tsiku lomwe ndinakhala pansi kuyesa kunena gawo limodzi la lamulo m'chinenero chomwe ndimalota nacho. Lero ndayesa, ndipo mawu awiri okha andigwetsa.

Mawu: 1,480.

18 Juni

Kalata yondiloleza kucheza ndi anthu yafika kuchokera kusukulu. Chitumbuka ndimamva, ndakulira kuno, koma ndikamalankhula agogo amamwetulira. Ndiye ndapempha mnzanga wa kusekondale, amene pano akuphunzitsa kupulayimale, kuti tiziyendera limodzi. Malipiro ake ndi chipisi ndi thiransipoti. Mayi ake ndi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, ndipo ndi iwo atilozera amayi amasiye amene angalole kulankhula. Aliyense tizimuwerengera kaye kalata ya chilolezo, ndipo mayina sindidzalemba, pano ngakhale m'pepala.

Kanthu kena kandidabwitsa. M'Chitumbuka mawu akuti chokolo ndi mayi wamasiye amene. Kwa ife chokolo ndi mwambo wolowa m'nyumba ya m'bale wako akamwalira. Mnzanga wandichenjeza kuti ndisamale nawo mawuwo ndisanakhumudwitse munthu.

27 Juni

Tacheza ndi amayi asanu ndi awiri, ku Zolozolo, ku Mchengautuwa ndi ku Chiputula. Yankho lomwe ndinabwera nalo lathyoka pa mayi woyamba.

Anatilandira pakhonde la kachipinda kobwereka, atatiyalira mphasa. Amuna awo anali dalaivala. Atangochoka kumanda, alamu awo awiri anabwera ndi galimoto n'kunyamula mipando, firiji, matiresi, ndi makina osokera omwe mayiyo anagula yekha ndi ndalama za kubanki m'khonde. Nyumba anaikamo munthu wa lendi. Ine ndinatsegula kope langa mwaulemu n'kufunsa funso lachinayi: kodi munamvapo kuti pali lamulo loletsa zimenezi? Anayankha m'Chichewa, osadikira womasulira.

"Mwana wanga, za zaka khumizo ndinazimva pawailesi bambo a kunyumba ali moyo. Ngakhale kupolisi ndikudziwako, si apa? Koma tandiuze. Ndikawamangitsa alamu anga, mnyamata wangayu akadzafuna kukwatira, adzamuyimira ndani? Ng'ombe adzazitenga m'khola la yani? Ine anandilowola, manda anga ali kwawoko. Ndikadzafa, adzandikumbira ndi anthu omwe ndinawatsekera m'chitokosi?"

Funso lachisanu pa pepala langa linali lakuti, "Mukanadziwa lamuloli, mukanachitapo chiyani?" Sindinalifunse.

Mayi wachitatu ndiye anachita zomwe ife a m'kalasi timafuna. Anapita kupolisi, ku ofesi yoona za nkhanza za m'banja, alamu anaitanidwa, anawerengeredwa lamulo, ndipo katundu anabwerera yense kupatula wailesi. Ndinasangalala mumtima, ndinati nachi chitsanzo chabwino cha chaputala chachinayi. Kenako anapitiriza. Padutsa zaka zisanu kuchimuna sikunabwere munthu. Mwana wake wamkazi anapeza mwamuna, thenga anayenda kawiri kumudzi kwa bambo a mwanayo kukanena za malowolo, ndipo akuluakulu anamubweza ndi mawu akuti, "Kafunseni apolisi, ndi amene ali abale ake." Firiji ilipo pabalaza, ikugwira ntchito, anatipatsa madzi ozizira kuchokera momwemo. Nditamufunsa ngati akanachitanso chimodzimodzi, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ana akanagona pansi.

Mmodzi yekha mwa asanu ndi awiriwo ndi amene sankadziwadi. Iyeyu anauzidwa pamaliro pomwepo kuti sanali mkazi wa pamudzipo chifukwa malowolo sanathe, ndipo anakhulupirira. Anakhala ndi malemuwo zaka zisanu ndi zinayi, ana atatu. Ndinamufotokozera kuti gawo 22 la malamulo aakulu a dziko limazindikira ukwati wa anthu ongokhalira limodzi mokhazikika, kuti lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuvomereza ukwati wotere anthu akakhala pamodzi zaka zosachepera zisanu, komanso kuti ana ali ndi gawo lawo kaya makolo anakwatirana motani. Ndinamulozera ku Legal Aid Bureau, amene amathandiza osatha kulipira loya. Pobwerera mnzanga anandikumbutsa kuti ine si loya, ndisamapereke uphungu. Akunena zoona. Koma ndikanatseka kope n'kunena kuti yewo chomene, tapita?

Usiku uno ndatsegula pempho langa la kafukufuku n'kuwerenga chiganizo chakuti amayiwa akuvutika chifukwa cha umbuli. Ndachita manyazi ndekha m'shedi muno.

2 Julayi

Magetsi anathima kuyambira mmawa, batire ya laputopu inafa kale chaka chatha, ndipo masamba atatu omwe ndinalemba dzulo sanasungike. Ndalira pang'ono, ndadya mbatata yootcha, ndawalembanso pamanja. Kuyambira lero chilichonse ndikudzitumizira pa imelo ndisanadzuke pampando.

Mawu: 2,900, kuphatikiza apamanjawo.

11 Julayi

Masiku atatu ndakhala ndikumvera milandu kukhoti la majisitireti, pabenchi la kumbuyo. Wa chuma cha masiye sindinaupeze ngakhale umodzi pa masikuwa, inali ya kuba, kuvulazana ndi ya chithandizo cha ana. Komabe sindinataye nthawi. Ndinkayang'ana womasulira. Majisitireti akulemba m'Chingerezi, mboni ikulankhula Chitumbuka, woimbidwa mlandu akuyankha m'Chichewa, ndipo munthu mmodzi ataimirira pakati akunyamula zonsezo uku ndi uku. Mboni ikalankhula ziganizo zisanu ndi mwambi pamwamba, m'kaundula mumalowa mzere umodzi. Ife kusukulu timawerenga mzere umodziwo n'kumati ndiwo mlandu.

Panja ndinacheza ndi bambo wina wothandiza anthu pa zamalamulo, wa gulu lija timati maparaligo. Anandifotokozera njira yomwe mayi wamasiye amayenda akafuna ndalama zomwe mwamuna anasiya kubanki kapena kuntchito: kalata yotsimikiza imfa, umboni wa ukwati, mayina a ana, kenako kalata ya khoti yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha malemu, apo ayi nkhaniyo idzere kwa DC kapena kwa Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma cha masiye. Chomwe ndinalemba ndi inki yofiira ndi ichi: pa masitepe angapo mayiyo amafunika wina wa kuchimuna woti amuchitire umboni, kapena kalata ya amfumu a kwawo kwa mwamuna. Ndiye munthu amene ukufuna kumusumira mawa ndi yemweyo ukumupempha lero kuti akuperekeze kuboma. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

19 Julayi

Ndinaona kuti ndamva mbali imodzi yokha, ndipo ngakhale wa chaka choyamba amadziwa kuti mlandu sagamula choncho. Amalume a mnzanga ndi nduna ya amfumu kumudzi wina kupitirira Ekwendeni, ndiye tinakwera minibasi Lachitatu. Tinatenga shuga ndi sopo. Ndinagwada popereka moni, ndinavala chitenje, mafunso anga ndinawasiya m'chikwama.

Ndinkayembekeza munthu wokakamira zakale amene ndidzamugwire mawu mosavuta. Ndinapeza munthu woganiza bwino kuposa ambiri a m'kalasi mwathu. Lamulo la 2011 akulidziwa, anapitako ku misonkhano yake. Anandifunsa mafunso atatu motsatizana, mnzanga akumasulira. Ng'ombe zolowolera mkazi zimachokera m'khola la ndani? Mnyamata akapita kusekondale mpaka kukoleji, amagulitsa fodya ndi chimanga ndani kuti fizi ipezeke? Akamwalira m'tauni, amatumiza galimoto, kukumba manda ndi kudyetsa anthu ndani? "Munthu mmodzi timamulima tonse ngati munda," anatero. "Tsiku lokolola, pepala lanu likuti eni munda ndi mkazi ndi ana okha. Kwa inu banja ndi anthu ogona nyumba imodzi. Kwa ife ndi anthu ogona manda amodzi."

Ndinayang'ana kope langa. Chinali chizindikiro cha funso chomwe chija cha pa 10 Juni, chitangovala jekete.

Komabe sindinangovomera. Ndinawauza za mayi wa makina osokera, osatchula komwe amakhala. Ndinafunsa kuti, adada, alamu amene anatenga matiresi aja, anatenganso fizi ya ana? Anapukusa mutu. Anati kale wolowa m'malo mwa malemu ankatenga zonse, khasu ndi njala yomwe: ana, mayi wawo, ngongole, milandu. Katundu sankachoka pamudzi chifukwa ana sankachoka pamudzi. "Amene amabwera ndi galimoto kudzatenga firiji n'kusiya ana, ameneyo asanamizire mwambo. Ndi mbava." Mawu omalizawo anawanena m'Chichewa kuti ndimve ndekha.

Apa ndi pomwe pali nkhani yanga, ndikuona. Chuma cha kumudzi, munda ndi khola, sichinyamulika, ndipo wochitenga amatenga ndi anthu ake. Chuma cha m'tauni chimakwera galimoto, udindo n'kutsala pakhonde. Ngakhale olemba lamulo anaona kuti malo a makolo ndi nkhani ina: gawo 17 lomwelo likuti mayi wamasiye akakwatiwanso sataya zomwe analandira, kupatula zomwe zili pa malo a mwambo, zomwe zimapita kwa ana amene anabereka ndi malemu. Nditawerengera ndunayo chiganizo chimenechi anagwedeza mutu nati pamenepo pokha munatifunsa.

Sindikuti akulondola pa zonse. Pa nkhani ya mayi wopanda mwana wamwamuna anazungulira kwambiri osafika. Koma ndinabwerera ku Mzuzu ndi masamba khumi ndi awiri, ndi nkhuku yamoyo yomwe inandichititsa manyazi m'minibasi.

26 Julayi

Ndinatumiza machaputala atatu kwa aphunzitsi ondiyang'anira. Abweza dzulo, ndemanga 41. Yaikulu ili pamwamba: nkhanizi n'zogwira mtima, koma ili ndi pepala la zamalamulo, lamulo lili kuti? Ndinakwiya mpaka madzulo. Mmawa uno ndawerenganso ndipo sakunama. Ndinatengeka ndi mawu a anthu mpaka ndinasiya ntchito yomwe ndinaphunzira.

Ndiye ndabwerera ku magawo. Gawo 5 la malamulo aakulu a dziko, aja a 1994, likuti lamulo lililonse losemphana nawo lilibe mphamvu. Gawo 200 linalola malamulo a mwambo kupitirira, koma pokhapokha ngati sakusemphana nawo. Gawo 24 likutchula mwachindunji kulanda amayi katundu, kuphatikizapo wolandira kwa malemu, ngati mchitidwe woyenera kuthetsedwa. Pamenepa palibe mkangano: mlamu alibe poyimira. Abale a malemu amabwera pamzere pokhapokha ngati palibe mkazi, ana kapena omudalira, ndipo omudalirawo lamulo linawachepetsa kwambiri: makolo amene malemu ankawasamala, ndi ana aang'ono amene ankawalipirira sukulu.

Powerenganso ndaona zinthu ziwiri zomwe ndinaziphonya. Choyamba, makina osokera aja sanali chuma cha masiye m'pang'ono pomwe. Anali a mayiyo. Musanagawe za malemu muyenera kupatula kaye zomwe ndi za wotsalayo, ndipo ziwiya za m'nyumba gawo 17 likuti zimatsala ndi iye. Pamaliro palibe amene amachita sitepe imeneyi; chilichonse chopezeka m'nyumba chimangotengedwa ngati cha mwamuna. Chachiwiri, mchimwene amene anaikadi ndalama pa nyumba ya malemu sanatsekeredwe kunja kotheratu. Akhoza kubwera ngati mwini gawo kapena wokongoza, ndi umboni wake, osati ngati wolowa m'malo. Ndunayo ikanamva zimenezi mwina tikanagwirizana penapake.

Funso la kafukufuku ndalisintha, ndipo aphunzitsi avomera. Silikufunsanso ngati amayi akulidziwa lamulo. Likufunsa kuti mayi amataya chiyani akaligwiritsa ntchito, ndipo gawo 84, lomwe chida chake chachikulu ndi ndende, likuthandiza bwanji munthu amene akufuna matiresi ake koma sakufuna kutaya agogo a ana ake.

Mawu: atsika kuchoka pa 6,100 kufika pa 4,700. Kudula kumapweteka kuposa kulemba.

4 Ogasiti

Izi sizilowa m'pepala, koma ndizilemba.

Chaputala chachisanu chili ndi ndime yolimbikitsa anthu kulemba wilo. Ndinailemba mosavuta: munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo, wamutu wabwinobwino, alembe, asayine pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso zisayine. Sipafunika loya. Nditamaliza ndimeyo ndinatuluka kukadya, ndipo tili pa nsima ya usipa ndinangoti, "Adadi, kodi inu munalemba wilo?"

Amayi anasiya mbamu m'mbale. Adadi anasamba m'manja nsima isanathe. Anati, "Ndagulitsa mipando zaka zonsezi kuti uphunzire kundiika m'manda ndili moyo?" Munthu amene amakhoma mabokosi a maliro pafupifupi sabata iliyonse, amene amayeza mitembo ya anzake ndi tepi osanjenjemera, anadzuka n'kukakhala m'shedi mumdima.

Amayi anandiuza tikutsuka mbale zomwe sindinkadziwa. Puloti ya ku Chibavi ino, ndalama yoyamba yogulira inachokera kwa azakhali, atagulitsa mtedza ndi mbuzi ziwiri. Mwana wawo wamkulu, amene anakhala nafe zaka zitatu akuphunzira ukalipentala, amadziwa kuti zipangizo za m'shedi zidzakhala zake. Adadi anamulonjeza pakamwa. Mwa lamulo lomwe ndikulilembera mawu 10,000, azakhali ndi mwana wawo sadzapeza ngakhale msomali ngati olowa m'malo. Ndinagona ndikudzifunsa kuti tsiku limenelo likadzafika, azakhali atabwera ndi matola kudzatenga makina opalira matabwa, ine loya wa m'banjamo ndidzapita kupolisi? Azakhali amene anandisenza kumsana kupita nane kuchipatala ndili ndi malungo? Mayi wa makina osokera uja ndinamumvera chisoni tsiku lija. Dzulo usiku m'pamene ndinamumva.

Adadi sanandilankhule masiku awiri. Makasitomala sakuuzidwanso kuti atsitse mawu.

15 Ogasiti

Machaputala onse asanu alipo. Zocheza zonse zakwana: amayi 11, nduna imodzi, paraligo mmodzi, m'busa mmodzi. N'zochepa, ndipo ndalemba poyera m'chaputala choyamba kuti sizikuyimira chigawo chonse cha kumpoto. Mapologalamu a pawailesi ndawasiyira chiganizo chimodzi. Malo ake ndaika zomwe amayiwo ananena okha kuti zikanawathandiza: kuti katundu alembedwe pamaso pa amfumu kapena akulu a mpingo maliro asanabalalike, za mayi padera, za malemu padera, kuti pakhale njira yoti khoti lilamule kubweza katundu msanga popanda kuyamba ndi kumanga munthu, ndi kuti mayi asamadalire wa kuchimuna yekha pomuchitira umboni kuboma. Mawu a m'munsi mwa masamba andidyera masiku atatu, chifukwa zigamulo zina ndinazikopera osalemba nambala ya mlandu.

Mawu: 10,860. Ochuluka ndi 860.

27 Ogasiti

Basi inyamuka 6 koloko madzulo ano. Pepala lili pa mawu 10,040 ndipo sindidulanso; aphunzitsi anati kapyoledwe kotere salanga. Ndalisindikiza m'tauni makope awiri, lina ndasiya kwa mnzanga womasulira, amene dzina lake lili m'mawu othokoza pamwamba pa a wina aliyense. Ndikapereka Lachisanu, kwatsala mayeso a semesita yomaliza. Digiri ikatuluka sindiye kuti ndayamba kuyimira anthu pakhoti: pali maphunziro ena ku Malawi Institute of Legal Education ndi mayeso ake, kenako kulumbira. Adadi zimenezi sakuzidziwa bwino, ndipo fizi yake sindinawauze.

Mmawa ndikulongedza anandiitana m'shedi. Anatseka chitseko, n'kutulutsa pepala long'ambidwa m'kope la masamu, lopindidwa kanayi. Analemba ndi pensulo yawo ya matabwa, m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu. Nyumba ndi puloti, amayi ndi ife ana. Makina opalira, macheka ndi zipangizo zonse, mwana wa azakhali. Munda wa ku Ntchisi sanautchule, anati umenewo si wawo. Pansi analemba kuti azakhali apatsidwe mbuzi ziwiri ndi ndalama ya matumba a mtedza, "pa mtengo wa tsiku limenelo".

"Tawerengani, aloya. Zili bwino?"

Ndinawauza kuti alembenso ndi bolopeni, aike tsiku, ndipo asasayine okha. Pafunika anthu awiri akhale pomwepo nthawi imodzi, ndipo asakhale amayi, ine, kapena wina aliyense wotchulidwa m'pepalamo. Anafunsa ngati mbonizo ziyenera kuwerenga zomwe zalembedwa. Ndinati ayi, zingoona kuti mwasayina ndinu. Anapumira m'mwamba, anati ndiye aitana aneba a kuseri ndi mkulu wa mpingo, koma ine nditapita, chifukwa safuna ndiziwayang'ana. Analipindanso pepalalo n'kuliika m'Baibulo, ku Masalimo, kenako anandifunsa ngati ndatenga ufa ndi khofi zomwe amayi anandimangira.